Chule Wadothi wa Che Amidu

Dzulo kunali sadaka ya Che Amidu, patatha masiku makumi anayi chiwaikireni m'manda. Anthu anadya mpunga, anapemphera, ndipo aliyense amene anapatsidwa mpata woyankhula anati malemu anali munthu wamtendere, wosakonda mikangano. Ine ndinali kumbali ya azimayi, ndikudzitsina pantchafu kuti ndisaseke pamwambo wa eni ake. Wamtendere ndani? Ndakhala khoma limodzi ndi bambo amenewo kuno ku Chawama zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindikumbukira sabata imene inatha iwo osakangana ndi munthu. Ena mwa owatamanda dzulowo ndi omwe aja anasiya kuwapatsa moni chaka chatha chifukwa cha chule wadothi. Ndiye poti iwo anena zawo, nane ndinene zanga.

Che Amidu anali telala. Bambo awo anachoka ku Mangochi wapansi, kudumpha malire a dziko kudzafuna ntchito, monga momwe agogo anga anachokera ku Dedza, choncho tonsefe tinabadwira kuno koma tinkatchedwabe Amalawi pakakhala mkangano pampopi. Anthu a m'komboni ankawaitana kuti ba Che Amidu. Iwo ankadandaula kuti kumeneko n'kumuveka munthu zisoti ziwiri, koma ukangochotsako chimodzi sankakuyankha. Mashini awo anali pakhonde loyang'ana kumsewu, ndipo pamenepo ndi pomwe ankaweruzira dziko lonse. Ukabwera ndi nsalu yoipa ankakubwezera. Ukanama za thupi lako, muyeso wa m'chiuno ankaunena mokweza kuti odutsa amve.

Ine ndi iwo tinakhalapo miyezi itatu osayankhulana chifukwa cha ngalande. Mvula ikagwa, madzi a pabwalo pawo ankalowa m'khitchini mwanga, iwo n'kumati madzi alibe chipembedzo, amapita komwe kwatsika. Koma amuna anga atamwalira, ndinangoona diresi lakuda labwera, losokedwa bwino, osandiyeza n'komwe. Nditafunsa, anati muyeso wanga anaudziwa kale pondiona ndikuwalalatira nditagwira m'chiuno.

Chimene ankachikonda kuposa mkangano ndi tiyi. Anali ndi chikapu chachitsulo chong'ambika m'mlomo, ndipo m'menemo munkalowa masupuni anayi a shuga ndi mkaka, masamba atawira pambaula mpaka kuda. Tiyi wopanda shuga ankati ndi wa m'chipatala. Ankanenanso kuti tiyi weniweni amachokera ku Thyolo ndi ku Mulanje basi, ngakhale minda yakeyo anaiona kamodzi kokha, pawindo la basi, popita kumaliro a azakhali awo.

Nkhani ya chule inayamba ndi Patuma, mdzukulu wawo, mwana wa Yusufu. Yusufu ndi mwana wawo woyamba, amayendetsa lole ku Heavy Industrial Area, ndipo onse amakhala pabwalo limodzi. Patuma atamaliza sukulu anakhala pakhomo zaka ziwiri akungotsuka mbale, mpaka anapeza ntchito kumayadi, m'nyumba yomwera tiyi ya mayi wina wachitchaina. Mtsikanayo anaikonda ntchitoyo, anayamba ngakhale kutola mawu a chinenero chawo. Tsiku lina mlendo wina anamujambula pafoni akuthira tiyi, kanemayo n'kuyenda mpaka kufika kuno. M'kanemamo Patuma ankaoneka ataweramitsa mutu, atagwira katipoti ndi manja awiri, akuthira tiyi pamutu pa chule wadothi.

Pofika Lachisanu, Chawama yense anali atadziwa kuti mwana wa Yusufu akuthira nsembe kwa fano. Azimayi pampopi ankati palibe mwamuna wa mumzikiti amene adzamuyang'ane. Yusufu, amene amaopa pakamwa pa anthu kuposa ngozi ya pamsewu, analamula kuti Lolemba mwanayo asapitenso. Patuma analira, anayesa kufotokoza, koma ndani amamvera mtsikana pamene akulu aona kale ndi maso awo?

Loweruka m'mawa ndinamva kugogoda. Anali Che Amidu, atavala mkanjo woyera ndi mzuli wa pa Idi.

"Amake Gire, mangani chitenje chabwino, tiyende kumayadi."

"Ine? Nanga bana banu bali kuti?"

"Maso yanga yafooka, nifuna mboni. Imwe pakamwa panu ni wailesi. Vamene muzaona, Chawama yonse izamvela dzuwa likalibe kulowa."

Ndinakwiya, koma ndinamanga chitenje. Ndinene zoona pano, chifukwa ena ayamba kale kuikometsa nkhaniyi: Che Amidu sanapite kukateteza mdzukulu wawo. Anapita kukamutulutsa ndi dzanja lawo, pamaso pa bwana wake. Kungoti anali munthu wosafuna kuweruza ndi za m'maluwa. Nsalu ankayamba aigwira asanaidule.

Tinakwera maminibasi awiri. Pageti, mlonda anatiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kutilozera kanjira kakuseri komwe amadzera ofuna ntchito.

"Nabwela kumwa tiyi," anatero Che Amidu. "Kwanu tiyi bamamwela kuseli kwa nyumba?"

Sanadikire yankho. Analowa pakhomo lakumaso, ine ndili pambuyo.

M'katimo munali zii. Pakati panali tebulo lathabwa lolemera, lokhala ndi timipata totayiramo madzi, m'mbali muli mashelefu odzaza timabokosi ndi timatipoti. Patuma atationa anangoti kakasi. Anavala diresi lalitali lofika m'mikono, mpango uli kumutu monga mwa masiku onse. Agogo ake sanamupatse moni. Anagwira mkono wa diresilo, anautembenuza, anayang'ana msoko wake pafupi ndi diso, n'kung'ung'udza kuti amene anasoka amaidziwa ntchito. Kenako anatulukira mwini malo, amene onse ankangomutcha Madamu, mayi wachikulire wamfupi, wa imvi zodula, magalasi ali pachingwe. Anayankhula ndi Patuma, mtsikanayo n'kutiuza kuti mlendo akalowa muno amayamba wakhala pansi, milandu pambuyo.

Tinakhala. Chule uja anali pomwepo pakona ya tebulo, wamkulu ngati chibakera cha mwana, wonyezimira, atayasama. Patuma anatsuka timakapu ndi madzi otentha. Anaika m'katipoti masamba opotana timibulu, amene ine ndinaona ngati manyi a mbuzi koma ndinasunga pakamwa. Anathira madzi, ndipo asanakhalitse n'komwe anawakhuthula. Dzanja lozolowera silifunsa mutu. Ngakhale agogo ake anali pomwepo, madziwo anawathira pamutu pa chule.

Che Amidu anaimirira. Sindinawaonepo nkhope itagwa choncho, ngakhale pamaliro a akazi awo.

"Ndiye ni zoona," anatero motsitsa.

"Ambuya, manzi yoyamba sitimamwa," anatero Patuma. "Ni yosukila masamba, kuchosa fumbi na kuyautsa. Yakumwa ni yachiwili."

"Nanga uyu?"

"Ni kachidole chabe."

"Funsa eni ake. Bamamupemphela?"

Patuma anamasulira. Madamu anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anayankha motalika. Patuma anati: "Bakuti kwao benangu bamakamba ati chule uyu amaitana ndalama. Koma beve bamuthila tiyi zaka zambili, na manje bakali kuuka m'mawa kupyanga pansi na tsache beka. Chamene anachita ni kunyezimila chabe. Ati manzi yosukila yafunika kutayiwa penapake."

"Kuseka si yankho," anatero Che Amidu.

Anatambasula dzanja, anamunyamula chule uja, anamutembenuza chagada, anamugogoda ndi chala kuti amve kulira kwa dothi. Atatero anapita naye pakhomo n'kumuika pansi, pomwe anthu amapondapo, maso awo ali pankhope ya Madamu. Anandiuza pambuyo pake kuti munthu akhoza kunama ndi pakamwa, koma ukamuikira mulungu wake pafumbi nkhope imaulula. Madamu anayang'ana chule, anayang'ana nkhalambayo, n'kuyankhula mawu ochepa akuloza katipoti.

"Bakuti ngati mwamukonda mutengeni, bali na benangu batatu mu kabati," anatero Patuma. "Koma ati tiyi azizila pamene imwe muzenga chule mlandu."

Apo ndinadziwa kuti Che Amidu akumana ndi mnzawo. Anabwerera pampando, anauza Patuma kuti ayambirenso, madzi oyamba awatayire m'timipata ta tebulo. Ulendo uno anapenyetsetsa. Mtsikanayo anasamba m'manja, anatsuka timakapu, anatsuka katipoti, anatsuka masamba, zonse mwadongosolo lake, osadumpha kanthu. Nkhalambayo sinachotse maso pamanja ake. Anali munthu woti kasanu patsiku amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali, kusamba kumene Asilamu amati wuzu, ndipo sankalola mdzukulu aliyense kusokoneza ndondomeko yake.

"Kansi tiyi uyu amayamba wachita wuzu," anatero pomaliza.

Patuma anaseka misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinapuma koyamba chilowereni m'nyumbamo.

Musaganize kuti tiyiyo anawakomera pomwepo. Kakapu kake kanali ngati chivindikiro cha botolo, ndipo Che Amidu anafunsa ngati kwawo kuli chilala. Anasakasaka shuga patebulo, Madamu n'kuwagwedezera chala. Anamwa kamodzi n'kunena kuti awa ndi madzi otsukira mbale, ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Madamu sanakhumudwe. Anangokodola Patuma kuti athirenso madzi pamasamba omwewo. Kachiwiri kanali kowawirako, konunkhira maluwa amene sindiwadziwa. Titamwa kachitatu, Che Amidu anali pakati pofotokoza za tiyi wa ku Thyolo, koma anadukiza mawu, anagwira pakhosi, n'kuyang'ana mdzukulu wawo mokayikira.

"Waikamo shuga mobisa iwe?"

"Iyayi ambuya. Kuzuna kwake kumabwela pambuyo, mukameza. Mufunika kuyembekeza chabe."

Nanenso ndinakumva. Kutsekemera kwake sikunali palilime ayi, kunkachokera kukhosi, pang'onopang'ono, kapu itatha kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife a Chawama tiyi timamwa chiimire, chitumbuwa chili kudzanja, tikuthamangira basi.

Kenako Madamu anatsegula katipoti. Timibulu tija tinali titafunyululuka. Anatolamo limodzi ndi kopanira kathabwa n'kuwaikira Che Amidu pachikhatho. Linali tsamba lathunthu, lobiriwira, la mitsempha yake, m'mphepete muli timano ngati nsalu yodulidwa ndi sizasi ya manomano. Analiwongola ndi chala chawo cha utelala, mosamala, ndipo ndinaona akukwiya ngati munthu amene wazindikira kuti wogulitsa nsalu wakhala akumubera muyeso.

"Amake Gire," anatero, "zaka zonse izi ine nimwa fumbi."

Komabe za Thyolo sanagonje. Anati tsamba la kwawo nalonso ndi lotere, olakwa ndi amene amaligaya. Madamu anati tiyi anayambira kwawo, Thyolo asanadziwe n'komwe kuti kuli chinthu chotere. Che Amidu anati woyamba kubadwa si ndiye wanzeru. Anakangana mpaka masamba aja anathiridwa madzi kasanu ndi kawiri, Patuma ali pakati kumasulira, ndipo ndikukhulupirira kuti mawu ena ankawasenda minga asanawapereke. Potuluka, Che Amidu anawerama pakhomo, anatola chule uja n'kumuika m'thumba la mkanjo.

Ntchito yanga ndinaigwira. Dzuwa lisanalowe, pampopi, pamsika ndi kukwaya onse anali atamva. Koma wailesi imodzi singagonjetse kanema wa pafoni, ndipo Che Amidu anadziwa zimenezo. Lolemba m'mawa anamuika chule uja patebulo lawo lodulira, poonekera aliyense, kuti azipsinja nsalu mphepo isaulutse. Yusufu atatuluka m'nyumba anangogwira mutu.

"Atate, mufuna kutipaya na nsoni? Banthu bakamba."

"Iwe unayenda kukaona?"

"Sinifunika kuyenda. Bonse banaona pa foni."

"Ine n'nayenda. Mwana uyu sanalakwe, ndipo nchito sasiya. Ukafuna kumuletsa, uyambe wanichosa ine pa khonde pano."

Bwalolo linali la bambo ake, choncho Yusufu anangopita ku lole yake. Patuma anapita kuntchito.

Sabata yomweyo kunabwera akuluakulu atatu a kumzikiti. Che Amidu anawakhazika pabenchi, anatulutsa masamba amene Madamu anawapatsa, n'kuwaphikira tiyi m'timakapu tawo tatsopano, madzi oyamba akuwatayira m'ngalande yathu ija. Anawafunsa kuti ndi mulungu wanji amene amalola kupsinja nsalu ya yunifomu ya ana a sukulu. Mmodzi wa akuluwo, munthu wofatsa amene ndimamulemekeza mpaka lero, anati nkhani si yoti chule akupembedzedwa, koma chifanizo ndi chifanizo, Msilamu sayenera kuchisunga. Che Amidu anavomera kuti pamenepo pali mawu, n'chifukwa chake chuleyo sadzalowa m'nyumba mwawo. Koma anati ngati pali tchimo, tsopano lili patebulo pawo, pa dzina lawo, ndiye aliyense wofuna kuloza chala aloze iwo, amusiye mwana. Mkulu wofatsayo anamwa tiyi wake. Awiri enawo anasiya makapu ali odzaza.

Anthu anawalozadi. Moni anachepa. Zovala za pa Idi chaka chimenecho zinapita kwa telala wa kumsika, amene amasoka mikono yosiyana kutalika. Ana ankadutsa akulira ngati achule. Ndinkaona kuti zikuwapweteka, makamaka Lachisanu pobwera kumzikiti okha, anzawo a zaka makumi anayi akuyenda tsidya lina la msewu. Koma swala sanaphonye ngakhale imodzi, ndipo ankakhala pamzere woyamba monga kale. Chule anakhala patebulopo mpaka tsiku lotsatira maliro awo, pamene Yusufu anamuponya m'chimbudzi.

Chimene chinkandisangalatsa ndi cha m'mawa. Tsiku lililonse ankavala mkanjo, n'kumuperekeza Patuma kokwerera basi. Njira yachidule ilipo, koma iwo ankadzera dala pampopi pomwe azimayi amasonkhana, n'kumapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, mokweza, kufunsa za ana ndi za amuna awo, mpaka mayiyo ayankhe. Patuma poyamba ankayenda atazolika. Patapita miyezi anayamba kuyenda khosi lili chilili.

Kumayadi kuja ankapitako kamodzi pamwezi kukakangana ndi Madamu. Anaphunzira kusiyanitsa tiyi wobiriwira, wofiirira ndi wina wakuda wonunkha dothi lonyowa, amene ankati ndi wa madoda. Maina ake ankawapotoza mwadala kuti mayiyo apse mtima. Chikapu chachitsulo sanachitaye. Ankati tiyi wa shuga ndi wa mimba, wa Madamu ndi wa mutu, ndipo munthu ali nazo zonse ziwiri. Masana ntchito ikachepa ankandiitana kudzera pakhoma, n'kumandikalipira kuti ndimameza msanga ngati nkhuku.

Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, ndipo sanagone nthawi yaitali. Madamu anabwera kumaliro, anakhala pamphasa pakati pa azimayi omwe aja a pampopi, chitenje atamanga mokhota, ndipo palibe amene analimba mtima kumusuntha. Ine ndinalira kwambiri, kuposa momwe mkazi wa mpingo amayenera kulirira mwamuna wa eni wa chipembedzo china, ndipo amene akufuna kunena anene.

Dzulo alendo a sadaka atabalalika, ndinamva Yusufu kudzera pakhoma akuuza Patuma kuti zachibwana zatha, pabwalopo wamkulu tsopano ndi iye, ntchito ija aisiye. Lero m'mawa ndinasuzumira. Patuma anali atavala diresi lake la kuntchito, ataima kumapeto kwa khonde, akuyang'ana njira ya kumpopi. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Mawondo anga ndi ovuta ndipo mkanjo ndilibe, koma ndinamanga chitenje n'kumugwira padzanja. Tinadzera pampopi. Ndinapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina.

Pobwerera ndinapeza Yusufu ataima pakhomo la nyumba yawo.

"Amake Gire, iyi ni nkhani ya banja."

"Namvela," ndinatero. "Mailo m'mawa nizabwela sikisi koloko kumutenga."

Yusufu anayang'ana pakhonde, nanenso ndinayang'ana pomwepo. Mashini analowetsedwa m'nyumba, tebulo anabwereka a sadaka ndipo silinabwerere. Pasimenti patsala mawanga anayi a dzimbiri pomwe panali miyendo ya mashini, ndi kadzenje kosalala pomwe chidendene chawo chinkatsamira popalasa. M'ming'alu mwatsalira timaulusi tamitundumitundu timene tsache lalephera kuchotsa. Khondelo ndi lake tsopano, palibe womuletsa kuikapo mpando. Koma popita ku lole yake Yusufu anatsikira m'mbali, kulambalala pamalopo, ngati pali munthu amene angamufunse komwe akupita.